Anamuneneza Ndi Anzake a M'gulu

Mu May 2024, bambo wina wa ku Mponela m'boma la Dowa anaponya kavidiyo ka pa TikTok m'gulu la WhatsApp la anthu a m'dera lake. M'kavidiyomo munali chidole chovina, koma nkhope inali ya Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti nthawi imeneyo. Anawonjezapo ndi mawu onyoza. Apolisi anamunjata usiku, ndipo pambuyo pake khoti linagamula kuti alipire K200,000, apo ayi akaseweze miyezi 6 kundende.

Iwe m'bale wanga wa ku Hara, amene foni siikuchoka m'manja ngakhale ukuwokera mpunga, tadzifunsa: apolisi anadziwa bwanji? Sikuti kunabwera akazitape ochokera ku Lilongwe ayi. Anzake a m'gulu lomwelo ndi amene anakaitula nkhaniyo kwa akuluakulu a chipani cha MCP.

Bamboyu anaphonya pamenepa. Ankaona ngati gulu la WhatsApp ndi pakhonde, pamene mumaseka madzulo mawu n'kupita ndi mphepo. Pafoni mawu sapita. Amakhala pomwepo, pamodzi ndi tsiku, nthawi ndi nambala yako, ndipo kuyambira 2018 nambala imalembetsedwa ndi chiphaso cha unzika. Ukafufuta m'mawa mowa utatha m'mutu, wina anajambula kale dzulo. Amene anakuyankha ndi tinkhope toseka ndi atatu okha. Nanga makumi aja amene anawerenga n'kukhala chete, ukudziwa zimene anali kuganiza?

Mwina ukuti, "Ine za ndale sindipanga nawo." Chabwino. Koma mu 2021 mayi wina analipitsidwa K50,000 chifukwa cha voice note yonena kuti munthu woganiziridwa mlandu wogwirira anatulutsidwa mokayikitsa. Munalibe dzina la Pulezidenti m'menemo.

Taganiza tsono za kwanuko pa sikimu ya mpunga. Ndi chilimwe, madzi sakufika kuminda ya kumapeto kwa ngalande, mbande zikuchita chikasu, nthaka yayamba kung'aluka. Wina wakunong'oneza kuti auje amatsegula madzi usiku, kapena kuti msungichuma wa banki m'khonde wadya ndalama. Mtima uli phuphuphu, ukudina batani, ukulankhula, dzina la munthu n'kulitchula lonse. Unamuona ndi maso ako? Uli ndi mboni yoti ikaime nawe pamaso pa majisitireti? Likamalowa dzuwa mawu akowo afika ku Uliwa, ku Chilumba, ngakhale kwa mwana wake amene ali ku Joni.

Lamulo limene anthu ambiri akugwidwa nalo ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016. Gawo 87 limakamba zogwiritsa ntchito foni kapena intaneti mwadala, mobwerezabwereza, posokoneza mtendere kapena chinsinsi cha munthu, ndipo chilango chake chimafika K1 miliyoni ndi miyezi 12 kundende. Werengera wekha kuti ndi matumba angati a Kilombero amenewo.

Sindikunena kuti lamuloli n'langwiro. Bungwe la MISA Malawi lakhala likudandaula kuti limagwiritsidwa ntchito potseka pakamwa atolankhani ndi anthu wamba, ndipo ine ndikugwirizana nawo: kudzudzula mtsogoleri si mlandu m'dziko la demokalase. Mu July 2025, pa mlandu wa Joshua Chisa Mbele, majaji anagamula kuti gawo 200 la Penal Code, limene linkachititsa kuti munthu amangidwe chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko. Chigamulo chabwino zedi. Koma lamulo la 2016 lija silinakhudzidwe, ndipo amene wamuipitsira mbiri akhozabe kukusumira kuti umulipire chipepeso.

Palinso mafunso amene akuvuta maloya m'mayiko ambiri. Wongotumiza uthenga wa wina ali ndi mlandu wofanana ndi woulemba? Nanga admin amene anauona n'kuusiya? Nanga mawu ndi nkhope zopangidwa ndi kompyuta, zimene lero mwana wa sekondale akhoza kukonza pafoni? Mayankho adzachokera kukhoti, koma khoti limayankha pakapezeka woimbidwa mlandu. Ukufuna kuti adzayesere pa iwe?

Chenjera ukalandira uthenga wopanda mwini wake, wongoti "falitsani msanga asanafufute". Chenjera ukamalemba dzina la munthu manja akunjenjemera ndi mkwiyo, kapena mnzako akamakukankha kuti "iwe ndiye ponya" iye osaponya. Ukaona m'gulu mwalowa manambala osawadziwa, funsa kuti ndi a ndani. Ndipo nkhani ya madzi ija pita nayo ku komiti ya sikimu kapena kwa amfumu, kumene woganiziridwayo adzakhalepo n'kudziyankhira yekha.