Ndipite kumsonkhano wa amajiki ku Blackpool?

FUNSO

Akulu, ndine mnyamata wa ku Malawi, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ku Manchester. Ndakhala ndikuphunzira majiki a makadi ndi makobili pa YouTube, ndipo anzanga akuntchito amasangalala ndikamawaonetsa. Ndamva kuti ku Blackpool kumachitika msonkhano waukulu wa amajiki, ndiye mtima suli m'malo. Koma ndalama zanga n'zochepa, komanso ndikuopa kukachita manyazi pakati pa akatswiri. Chinanso, amayi kumudzi atamva analira, akuti ndalowa zaufiti. Ndipite kapena ndisiye?

Wokonda makadi, Manchester

YANKHO

Achimwene, pitani. Anzanu amachita kukwera ndege kuchokera ku Japan, ku Korea ndi ku America, pomwe inu mungokwera sitima n'kutsika pa Blackpool North maola awiri asanathe. Msonkhanowu umachitika mu February m'nyumba yakale ya Winter Gardens. Amaukonza ndi a Blackpool Magicians' Club, amene anauyamba mu 1953, ndipo masiku ano pamasonkhana anthu oposa 3,000. Imakhala nthawi yachisanu, mphepo yakunyanja imalowa mpaka m'mafupa, ndiye jekete lokhuthala musaliiwale, ndipo pogona mupezeretu.

Koma ndiyambe ndi amayi, chifukwa nkhani yawo ndi imene yandikhudza. Musawaone ngati osadziwa zinthu. Kwathu munthu akangomunena kuti ndi mfiti amatha kumenyedwa, kuthamangitsidwa pamudzi, ngakhale kuphedwa, ndipo nthawi zambiri ovutika amakhala okalamba. Amayi akuopera moyo wanu wauzimu, komanso akuopa zimene anthu azinena akamadutsa pakhomo pawo. Azungu nawonso anali ndi mantha omwewa. Mu 1584 Mngelezi wina, Reginald Scot, analemba buku lotchedwa The Discoverie of Witchcraft pofuna kuteteza amayi okalamba ndi osauka amene ankazunzidwa chifukwa chowaganizira ufiti. M'bukumo anaulula momwe anthu ankasowetsera timipira, makobili ndi makadi, kuti owerenga aone kuti zonse zinali luso la zala basi.

Inunso chitani chimodzimodzi. Aimbireni foni yoonana, tengani khobili, musowetse, kenako mubwereze pang'onopang'ono kuti aone kuti khobililo silinachoke m'dzanja lamanja. Apempheni ayese okha. Ndikudziwa kuti amajiki amasunga chinsinsi. Bungwe la The Magic Circle la ku London, limene linayamba mu 1905, limaletsa mamembala ake kuulula. Koma kwa ine, kuphunzitsa mayi wako kamasewera kamodzi kuti azigona tulo si kuphwanya mwambo. Ndipo chonde, ngakhale mocheza, musamauze anthu kuti muli ndi mphamvu zinazake. Mawu otere akafika kumudzi sabwezeka.

Za manyazi, mtima ukhale pansi. Palibe amene adzakuitanani kutsogolo. Ambiri mwa obwera si akatswiri otchuka: ndi aphunzitsi, madalaivala, madokotala, opuma pantchito, ana asukulu. Masana akatswiri amaphunzitsa, kuonetsa masewera kenako n'kufotokoza momwe amachitira. Tengani kope ndi cholembera, chifukwa kujambula ndi foni nthawi zambiri sakulola. Madzulo kumakhala zionetsero zazikulu mu Opera House ya m'nyumba yomweyo.

Pamene ndikukuoperani ndi pamsika wa pamsonkhanowu. Pamakhala ogulitsa zipangizo oposa 100, ndipo aliyense ndi katswiri pa chinthu chimene akugulitsacho, poti wachionetsa kambirimbiri. Chimaoneka chosavuta m'manja mwake. Mukafika nacho kunyumba mupeza kuti chikufuna miyezi yoyeserera, kapena kuti chimagwira pokhapokha oonera ali kutsogolo kwenikweni, mapeto ake chimangokhala m'sutikesi. Patulani ndalama zogulira musananyamuke, ndipo tsiku loyamba muzingoyenda n'kumaona. Mukafuna kugula, ine ndikanakonda mugule buku. The Royal Road to Card Magic la Jean Hugard ndi Frederick Braue linatuluka mu 1948 ndipo mpaka lero anthu amayambira pomwepo. Pa makobili pali Modern Coin Magic la J.B. Bobo. Mabuku awiriwa angakupatseni ntchito ya zaka zingapo.

Chimene mukupitira kwenikweni sichili pa pulogalamu. Zionetsero zikatha, anthu amakadzaza m'mahotela apafupi, makamaka pa Ruskin Hotel, n'kumaonetsana makadi mpaka mbandakucha. Simukufunika kumwa mowa kuti mukhalepo. Konzani masewera awiri amene mumawadziwa bwinobwino, makadi akhale m'thumba, ndipo mukapeza wachikulire wokoma mtima mumupemphe akuoneni ndi kukuuzani pamene mukulakwitsa. YouTube singakuuzeni kuti munthu wokhala kumanzere kwanu akuona khadi limene mwabisa, kapena kuti mumayang'ana dzanja lanu pa nthawi imene mumayenera kuyang'ana munthuyo m'maso. Munthu amene wachita zimenezi kwa zaka makumi angapo amaona msanga. Paja safunsa anadya phula. Kungoti funsani mwaulemu: musagwire makadi a mnzanu asanakuloleni, ndipo musamukakamize kuulula chimene sakufuna.

Kumeneko mudzamva anthu akutchulatchula FISM. Ndilo bungwe logwirizanitsa magulu a amajiki a m'mayiko osiyanasiyana, linayamba mu 1948, ndipo limachititsa mpikisano wadziko lonse pakatha zaka zitatu zilizonse. Mu 2022 unali ku Quebec, mu 2025 ku Turin. Mu 2012 unachitikira ku Blackpool komweko, ndipo mphoto yaikulu ya papulatifomu anatenga mnyamata wa ku South Korea, Yu Ho-jin, ndi makadi otuluka m'manja mwake mwakachetechete, mosathamanga. Mupezeni pa intaneti muone kudekha kwake. Wopikisana aliyense amapatsidwa mphindi zosapitirira khumi, ndipo ambiri amakonzekera mphindi zimenezo kwa zaka. Kumeneko munthu sangodzilembetsa yekha, amafunika kuvomerezedwa ndi gulu limene lili mu FISM. N'chifukwa chake ndikuti za mpikisano ziyambe zadikira.

Pakali pano funani anzanu kufupi. Ku Manchester komweko kuli gulu lakale la amajiki lotchedwa The Order of the Magi. Alembereni February asanafike, muwauze kuti ndinu wophunzira, ndipo muwafunse ngati alipo amene akupita ku Blackpool. Mukapeza woyenda naye, mwina mudzagawana mtengo wachipinda, komanso mudzakhala ndi wokulozerani maphunziro oyenera munthu wamakadi ndi makobili ngati inu.