Phunziro: Mphezi Yobisala m'Mafuta

Poyenda m'misewu ya ku Area 3 mumaona mabokosi achitsulo okwezedwa pamitengo ya ESCOM. Dzina lake ndi transifoma. Ntchito yake ndiyo kuchepetsa ukali wa magetsi ochokera kutali, monga ku Nkula pa mtsinje wa Shire, kumene makina adayamba kupanga magetsi m'chaka cha 1966, kuti alowe bwino m'nyumba zathu.

M'kati mwake muli mawaya a kopa okulungidwa ndi mapepala, ndipo zonsezo zamizidwa m'mafuta. Mafutawo aziziritsa mawaya, natchinganso magetsi kuti asalumphe.

Tsono tamverani chodabwitsa. Mukakhula chipeso chapulasitiki patsitsi louma, chitola tizidutswa ta pepala, pakuti kukhulana kwabala magetsi. Zotere zichitikanso m'matransifoma ena aakulu a kumalo ogawira magetsi, mmene pampu ithamangitsa mafuta. Mafuta akamakhula pepala, iwo atenga magetsi a mtundu umodzi, pepala litsala ndi a mtundu wina. Popeza pepala louma silipereka njira yothawira, magetsiwo aunjikana mwakachetechete, kufikira tsiku lina athetheka ngati mphezi, naboola pepala, natentha transifoma.

Ngoziyi idaoneka ku Japan m'zaka za m'ma 1970, pambuyo pake ku America ndi ku South Africa. Kodi akatswiri adatani? Adachepetsa liwiro la mafuta. Adaleka kuyatsa mapampu onse pamodzi mafuta akali ozizira. A ku Japan adathiranso m'mafuta mankhwala otchedwa benzotriazole.

Matransifoma aang'ono a m'misewu yathu alibe pampu. Mafuta ayenda okha pang'onopang'ono, otentha kukwera, ozizira kutsika. Mdani wawo ndi wakuba wokhetsa mafuta usiku, amene asiya sukulu, chipatala ndi tchalitchi mumdima. Mkhristu asagule mafuta otere, ndipo akaona wakubayo akanene kupolisi.

Inu akatekisiti, phunzitsani ana zimenezi, muonjezepo ichi: chinthu chabwino chikachitidwa mwaphuma chivulaza amene chikadawateteza. Chidzudzulo chili ngati mafuta. Choperekedwa modekha chiziziritsa mtima; chobwera ndi liwiro tsiku ndi tsiku chiunjika mkwiyo wosaoneka m'banja ndi mumpingo, mpaka uphulike. Makolo athu adati, kuthamanga si kufika.