Musanagule zoimbira pa eBay, yambani mwamufufuza wogulitsayo

Ndaona makwaya, ma DJ ndi anyamata a masitudiyo akutaya ndalama m'njira imodzimodzi. Akaona mikisa ya Yamaha kapena maiki ya Shure pa eBay, pambali pa dzina la wogulitsa palembedwa 100%, mtima umakhala m'malo, nkutuma m'bale wa ku Leeds kuti alipire.

Zoyambirira sizivuta. Zithunzi zikhale za chipangizo chenichenicho, osati zotola pa intaneti. Mawu oti "for parts or not working" akutanthauza kuti nchakufa. Zambiri za ku America zimayendera magetsi a 120V pomwe kwathu ndi 230V, ndiye funsani musanazipsereze.

Pomwe ambiri amagwera mpa 100% paja. Ndemanga za pa eBay zimasonkhanitsa zimene munthu adalandira pogula ndi pogulitsa pomwe, ndipo kuyambira 2008 wogulitsa saloledwa kulembera wogula ndemanga yoipa. Choncho amene wakhala akungogula timachaja ta foni amaoneka woyera ngakhale sanagulitseko kanthu chibadwire. Tsegulani tsamba lake, musankhe ndemanga zimene adalandira monga wogulitsa. Monga wogulitsa, osati monga wogula. Anthu amachita ulesi ndi sitepe imeneyi chonsecho sitenga mphindi zisanu.

Mukafika pamenepo, onani zimene ankagulitsa. Munthu amene chaka chonse wagulitsa masokosi a mapaundi awiri, lero mwadzidzidzi ali ndi maamplifaya asanu a mapaundi 400 iliyonse, muopeni. Nthawi zina akauntiyo imakhala yobedwa. Onaninso madeti. Mbiri yabwino yazaka zisanu zapitazo sikukuuzani kuti lero akauntiyo ili m'manja mwa yani. Ndemanga zoipa muziwerenge zonse, makamaka mmene mwini wake adayankhira. Wodandaula mmodzi pa anthu 300 si nkhani. Koma atatu akamati katundu adafika wosweka chifukwa chosakulunga bwino, sipika yanunso ifika chimodzimodzi.

Kenako mulembereni. Mupempheni chithunzi cha nambala ya chipangizocho, chili choyatsa, pambali pali kapepala ka deti la tsikulo. Woona mtima amatumiza. Pa maiki ya Shure SM58 musanyengerere ngakhale pang'ono, chifukwa zachinyengo zadzaza msika. Yatsopano imagulidwa cha m'ma 100 dollars, ndiye "yatsopano" ya 25 dollars si ya Shure.

Ena amalangiza kuti mukambirane naye pambali kuti akutsitsireni mtengo. Malangizo oipa amenewo. Mukalipira kudzera ku Western Union kapena "Friends and Family" ya PayPal, palibe amene adzakubwezereni ndalama zinthu zikavuta.

Chitetezo cha eBay chimakupatsani masiku 30 odandaulira katundu akafika pa adiresi imene mudapereka. Masikuwo amayamba kuwerengedwa ku Leeds, osati ku Lilongwe. Muuzeni m'bale wanuyo atsegule katoniyo tsiku lomwelo, alumikize kumagetsi, ayese tchanelo chilichonse ndi batani lililonse asanakutumizireni.