Chiphaso cha Wowerengera Mtengo wa Nyumba ku United States ndi Kuulula Milandu Yakale

Wofunsa: N'chifukwa chiyani boma limafufuza mbiri ya munthu amene ntchito yake ndi kungotchula mtengo wa nyumba ndi malo?

Mlangizi: Banki ikakongoza munthu ndalama zogulira nyumba imatenga nyumbayo ngati chikole, ndipo imadalira mawu a wowerengera mtengo kuti idziwe ngati chikolecho chikulingana ndi ngongole. M'zaka za m'ma 1980 mabungwe ambiri osunga ndi kukongoza ndalama anagwa, mwa zina chifukwa cha mitengo yokokomeza, motero mu 1989 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la FIRREA, limene linapatsa zigawo za dzikolo udindo wopereka ziphaso potsata miyezo ya bungwe la Appraiser Qualifications Board.

Wofunsa: Nanga wopempha chiphaso amapereka chiyani?

Mlangizi: Amalemba fomu, amapereka umboni wa maphunziro ndi wa mayeso, komanso kaundula wa maola amene wagwira ntchito, omwe ndi 1,000 pa chiphaso chotsika cha nyumba zogona ndi 3,000 pa chiphaso chapamwamba cholola kuwerengera malo amtundu uliwonse. Zigawo zambiri, monga California ndi Texas, zimatenganso zidindo za zala n'kuzifananiza ndi zolembedwa za FBI.

Wofunsa: Kodi amene anapezekapo wolakwa m'khoti ndiye kuti watsekeredwa kunja mpaka kalekale?

Mlangizi: Ayi. Kuyambira mu 2017 miyezoyo imakaniza munthu amene m'zaka zosachepera 5 asanapemphe anapezeka wolakwa, anavomera mlandu, kapena anasankha kusautsutsa, kumene makhoti amakutcha nolo contendere, ngati mlanduwo ukukayikitsa kuyenera kwake pa ntchitoyi. Akuluakulu opereka ziphaso amaona kukula kwa mlandu, nthawi imene yapita, ndi umboni wakuti munthuyo anasintha, ndipo milandu ya chinyengo ndi kuba ndiyo imalemera kwambiri.

Wofunsa: Ngati mlandu unali waung'ono ndi wakalekale, si bwino kungoukhalira chete?

Mlangizi: Pamenepo mpamene ambiri amadzipweteka, pakuti chimene fomu yabisa zidindo za zala zimachiulula, ndipo bodzalo limakhala cholakwa chatsopano chokwanira kukanitsa chiphaso kapena kuchilanditsa pambuyo pake. Wopempha ayenera kuwerenga funso lililonse mosamala, popeza zigawo zimasiyana pa milandu yofafanizidwa, kenako apereke zikalata za khoti ndi kufotokoza m'mawu ake zimene zinachitika. Munthu wonama pa mbiri yake sangakhulupiridwe pa mtengo wa nyumba ya mnzake, pamene woulula wayamba kale kuonetsa khalidwe limene ntchitoyi imafuna.