Phunziro: Momwe anthu a ku Orangi adakonzera dera lawo

Ophunzira, lero tikambirana funso ili: dera likamangidwa popanda pulani, boma n'kumazengereza kubwera, ntchito yolikonza imayambira pati? Tiyankha poona zimene zidachitika ku Orangi, dera lalikulu la anthu opeza movutikira mumzinda wa Karachi ku Pakistan.

Tiyambe ndi vuto. Anthu adayamba kukhala ku Orangi cha m'ma 1960, ndipo adachuluka kwambiri itatha nkhondo ya 1971, pomwe ambiri adathawira kumeneko kuchokera ku dziko lomwe lero ndi Bangladesh. Nyumba adamanga okha, koma mapaipi ochotsa zonyansa kunalibe. Ena ankadzithandizira m'zidebe, ena m'maenje osachedwa kudzaza, ndipo madzi oipa ankangoyenda m'tinjira momwe ana amasewera. Boma linkati ndalama zoikira mapaipi palibe. Anthu nawo ankati ntchitoyo ndi ya boma.

M'chaka cha 1980, Dr. Akhtar Hameed Khan adayambitsa bungwe la Orangi Pilot Project. Miyezi yoyamba sadamange kanthu. Ankangoyenda, kufunsa ndi kumvetsera. Adaona kuti anthu omwe adakwanitsa kumanga nyumba ndi thukuta lawo sangalephere kuika paipi pakhomo, malinga mtengo utatsika ndipo wina atawaonetsa kachitidwe kake. Adapezanso kuti mtengo wa boma unkafufuma chifukwa cha phindu la makontilakitala, ziphuphu, ndi miyezo yosaganizira thumba la wosauka.

Apa ndi pamene pagona phunziro lathu, choncho mvetserani bwino. Bungwelo silidaitanitse msonkhano wa dera lonse. Lidayambira pa kanjira kamodzi ka nyumba zapakati pa 20 ndi 40, chifukwa anthu a kanjira kamodzi amadziwana: amadziwa amene ali wokhulupirika pa ndalama, amene ndi waulesi, ndi amene sangathedi kusonkha. Eni nyumba akagwirizana ankasankha wowatsogolera. Kenako akatswiri a bungwe ankabwera kudzayeza kutsetsereka kwa nthaka, kujambula mapu, kuwerengera mapaipi ndi simenti, ndi kubwereketsa zida. Ndalama ankatolera ndi mtsogoleri wa kanjirako, ndipo eni ake ankakumba okha kapena kulemba amisiri a komweko. Bungwe silinkagwira ndalama za anthu ngakhale pang'ono. Ine ndimaona kuti mfundo imeneyi ndiyo idanyamula ntchito yonse, pakuti zitukuko zambiri zimafera pa kukayikirana za ndalama. Mtengo udatsika kwambiri poyerekeza ndi wa boma, ndipo kanjira kena kakaona kuti kwa anzawo kwauma, fungo latha, nako kankabwera kudzapempha mapu. Patapita zaka, tinjira tambiri ta ku Orangi tidakhala ndi mapaipi olipiridwa ndi eni ake.

Musaganize kuti anthu adalichotsera boma udindo. Ntchito adaigawa pawiri. Chimbudzi cha pakhomo, paipi ya m'kanjira ndi paipi yosonkhanitsa tinjira tingapo zidali za anthu. Mapaipi akuluakulu ndi malo oyeretsera madzi oipa zidali za boma. Gawo la boma lidachedwa, kotero kwa nthawi yaitali zonyansazo zinkathera m'makhwawa opita kunyanja. Anthu wamba angathe kuchita zambiri, koma malo oyeretsera madzi a mzinda wonse sangamangidwe ndi zosonkha za pakhomo.

Tsopano za mapu. Bungwelo lidaphunzitsa achinyamata a m'deramo kuyeza malo ndi kujambula kanjira kalikonse, ngalande iliyonse ndi paipi iliyonse. Popita kwa akuluakulu a mzinda, anthu sankangodandaula: ankayala mapu patebulo n'kuonetsa zomwe amanga kale ndi pomwe boma liyenera kulumikiza. Mayi Perween Rahman, katswiri wa mapulani a zomangamanga yemwe adatsogolera ntchitoyi kwa zaka zambiri, adafika pojambula midzi yakale yozungulira Karachi kuti eni ake apeze zikalata za malo, komanso kulemba za anthu oba madzi a mzinda n'kumawagulitsa. Pa 13 March 2013 adaomberedwa ndi mfuti akuchokera kuntchito, ndipo adamwalira. Mtima umandiwawa nthawi zonse ndikafika pamenepa, koma ndi bwino mudziwe kuti nkhani za malo ndi madzi zimakhudza anthu amphamvu.

Ntchito yanu ya sabata ino nayi. M'magulu a anthu anayi, sankhani kanjira kamodzi kwanuko. Yambani mwaonana ndi amfumu kapena akuluakulu a pamalopo, muwafotokozere cholinga chanu. Werengani nyumba, jambulani pomwe pali mpopi, zimbudzi ndi dzala, ndipo sonyezani komwe madzi amalowera mvula ikagwa. Pansi pa mapuwo mulembe zimene eni nyumba angakonze okha ndi zimene zikufunika khonsolo. Mubwere nawo Lolemba.