Kaphikidwe ka Nyama Yogaya ya Nkhukundembo ndi Mbatatesi M'chiwaya Chimodzi

Mawu Oyamba

M'mayiko monga United States, anthu ambiri apantchito akaweruka madzulo amakhala ndi nthawi yochepa yokonzera chakudya. Pa chifukwa ichi, ophika akumeneko amasiyanitsa chakudya chapakati pa sabata ndi cha Loweruka kapena Lamlungu. Chapakati pa sabata chimayenera kupsa msanga, chisaboole m'thumba, ndiponso chisasiye mulu wa ziwiya zofunika kutsuka. Chimodzi mwa zakudya zotere ndi nyama yogaya ya nkhukundembo yophikira pamodzi ndi mbatatesi m'chiwaya chimodzi. Nkhani ino ikufotokoza komwe kudachokera zinthu ziwirizi ndi mayina ake, ndondomeko ya kaphikidwe, zifukwa za ndondomekoyo, komanso ngozi yomwe ili m'nyama yogaya ikaphikidwa mosasamala.

Chiyambi cha zinthuzi ndi mayina ake

Nkhukundembo ndi mbatatesi zonse kwawo ndi ku America. Anthu a ku Mexico adayamba kuweta nkhukundembo zaka zoposa 2,000 zapitazo, pomwe mbatatesi zidayamba kulimidwa m'mapiri a Andes, kufupi ndi nyanja ya Titicaca m'malire a Peru ndi Bolivia, zaka zoposa 7,000 zapitazo. Asipanishi ndiwo adatengera zonse ziwiri ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500. Ku Lima, likulu la dziko la Peru, kuli bungwe lofufuza za mbatata la International Potato Center lomwe lidakhazikitsidwa mu 1971, ndipo bungwe la United Nations lidatcha 2008 kuti ndi chaka cha mbatatesi pa dziko lonse.

Mayina a nkhukundembo m'ziyankhulo zosiyanasiyana amasonyeza kuti aliyense ankaiona ngati mbalame yachilendo. Angerezi adaipatsa dzina la dziko la Turkey. Anthu a ku Turkey okha amati hindi, kuloza ku India, ndipo Afalansa amati dinde, kutanthauza "ya ku India". Apwitikizi amati peru. Mayina onsewa amaloza dziko lomwe mbalameyi sidachokere. Dzina lathu silinena za dziko koma za msinkhu. Ndi dzina lophatikiza: nkhuku ndi ndembo, ndipo ndembo m'Chiyao ndi njovu. Choncho nkhukundembo ndi nkhuku yaikulu ngati njovu.

Mawu oti mbatata ndi obwereka kuchokera ku Chipwitikizi, batata. Apwitikizi adakhazikika ku Sena ndi ku Tete m'chigwa cha Zambezi m'zaka za m'ma 1500, ndipo adatisiyira mawu enanso monga nsapato, kalata ndi kapitawo. Tikayerekeza batata ndi mbatata, komanso sapato ndi nsapato, tiona kuti Chichewa chidaika m kapena n kumayambiriro, ndipo mayinawa adalowa m'gulu la I-Zi. Dzina loti mbatatesi lili ndi tsinde lomwelo. Ena amati kachewere pofuna kusiyanitsa ndi mbatata yakholowa. Kuno kwathu mbatatesi zimalimidwa kwambiri m'madera ozizira a Dedza ndi Ntcheu, ndipo woyenda pa msewu wa M1 amaziona zitaunjikidwa m'ndowa pa Lizulu.

Zofunika

Pokonza chakudya chokwanira anthu anayi, pezani zinthu izi:

Nyama yogaya ya nkhukundembo, magalamu 450 mpaka 500
Mbatatesi zapakatikati zisanu, pafupifupi magalamu 700
Anyezi mmodzi wamkulu
Tsabola wobiriwira wosawawa mmodzi
Matimati awiri akupsa
Timano titatu ta adyo
Mafuta ophikira, masipuni aakulu atatu
Mchere, sipuni yaing'ono imodzi
Papirika, sipuni yaing'ono imodzi
Madzi, theka la kapu
Masamba a repu kapena mpiru odzaza dzanja limodzi, ngati alipo

Chiwaya chikhale chachikulu, chokhuthala pansi, ndiponso chokhala ndi chivundikiro. Sefuliya yotambalala ikhozanso kugwira ntchito.

M'masitolo a ku United States, nyama imeneyi imagulitsidwa kawirikawiri m'mapaketi a paundi imodzi, yomwe ndi magalamu 454. Pa paketi pamalembedwa manambala monga 93/7 kapena 85/15. Nambala yoyamba ndi ya mnofu ndipo yachiwiri ndi ya mafuta, pa magawo 100 alionse. Palinso ina ya chidali chokhachokha yolembedwa 99, koma imauma msanga pamoto. Ya 93/7 ndiyo yoyenera bwino chakudya chino. Kumene nyama ya nkhukundembo ndi yosowa, nyama yogaya ya nkhuku kapena ya ng'ombe imalowa m'malo popanda kusintha ndondomeko.

Ndondomeko

Poyamba, konzani zonse moto usanayake. Tsukani mbatatesi, muzisende, kenaka muziduledule m'timabanthu tofanana, ta sentimita imodzi ndi theka mbali zonse. Pukutani timabanthuto ndi kansalu koyera. Nyenyani anyezi, tsabola, matimati ndi masamba, ndipo sinjani adyo. Nyama muikhudze pomalizira, zamasamba zonse zitaikidwa kale padera.

Chachiwiri, tenthetsani masipuni awiri a mafuta pa moto wapakatikati. Yalani mbatatesi m'chiwaya osazisanjikiza, muwaze theka la mchere, ndipo muzisiye mphindi zinayi osazigwedeza. Kenaka zitembenuzeni ndi kupitiriza kukazinga mpaka zitafiirira, zomwe zimatenga mphindi 8 mpaka 10 zonse pamodzi. Ziphuleni n'kuziika m'mbale yoyera. Pa nthawi imeneyi zimakhala zisanafewe m'kati, ndipo palibe cholakwika.

Chachitatu, thirani mafuta otsala aja m'chiwaya chomwecho ndi kuwonjezera moto pang'ono. Ikani nyama, muiphwathalalitse ndi chipande, ndipo muisiye mphindi zitatu kuti ifiirire pansi. Ikatero iphwanyeni m'tizidutswa ting'onoting'ono, muthire mchere wotsala ndi papirika, n'kumatakasa kwa mphindi zina zinayi.

Chachinayi, ikani anyezi ndi tsabola. Zikafota, patatha mphindi zitatu kapena zinayi, onjezani adyo ndi kutakasa kwa theka la mphindi lokha, chifukwa adyo akapserera amawawitsa chakudya chonse.

Chachisanu, bwezerani mbatatesi m'chiwaya ndi kuthira madzi. Palani ndi chipande zofiirira zonse zomatirira pansi kuti zisungunukire m'madzimo. Vundikirani, chepetsani moto, ndipo zibwate kwa mphindi 8 mpaka 10. Ngati mukuphika pa mbaula, pungulani makala kapena awazeni phulusa pang'ono. Bayani kabanthu kamodzi ndi foloko: ikalowa mosavuta, mbatatesi zafewa.

Pomaliza, ikani matimati ndi masamba, muvundikirenso mphindi zitatu, kenaka muvundukule kuti madzi otsala aphwere. Lawani mchere, ndipo okonda zowawa athirepo kambuzi. Ntchito yonse, kuyambira kusenda mpaka kupakula, imatenga mphindi pafupifupi 45.

Zifukwa za ndondomekoyi

Wophika wodziwa chifukwa cha chinthu chilichonse amatha kusintha zina popanda kuononga chakudya. Mfundo zinayi zotsatirazi ndizo msana wa kaphikidwe kameneka.

Mfundo yoyamba ndi yoti zinthu za m'chiwaya chimodzi sizipsa nthawi imodzi. Mbatatesi zimachedwa, nyama yogaya imafulumira, ndipo masamba amangofuna mphindi zochepa. Tikaziponya zonse pamodzi, nyama idzauma mbatatesi zikadali gwa. N'chifukwa chake chochedwa kupsa chimatsogola. Ndi chifukwa chomwecho timabanthu tiyenera kukhala tofanana, kuopa kuti tina tingasanduke phala pomwe tina tili tatiwisi.

Mfundo yachiwiri ikukhudza kufiirira. Fungo labwino la nyama yokazinga limabwera pamene tizigawo ta mapuloteni takumana ndi shuga wachilengedwe wa m'chakudya pa moto waukulu. Kusintha kumeneku kumadziwika ndi dzina la katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, yemwe adakufotokoza mu 1912. Kumachitika mofulumira kutentha kukafika pafupifupi madigiri 140, pomwe madzi amawira pa madigiri 100 kapena kucheperapo. Choncho malingana ngati m'chiwaya muli madzi, chakudya chimawira m'malo mokazingika. Apa ndi pamene pagona chifukwa chopukutira mbatatesi, chosadzazitsira chiwaya, komanso chosatakasira pafupipafupi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mfundo yachitatu ndi ya matimati. Ambirife tidazolowera kuyamba ndi anyezi ndi matimati pokazingira ndiwo, koma pano matimati amabwera kumapeto. Matimati ali ndi asidi, ndipo asidi amachedwetsa kufewa kwa mbatatesi. Akalowa msanga, wophika amathera makala kapena magetsi ambiri kudikira mbatatesi zomwe zikukana kupsa.

Mfundo yachinayi ndi ya mbatatesi zobiriwira khungu kapena zophuka. Zotere zimakhala ndi poizoni wotchedwa solanine, yemwe amayambitsa kupweteka kwa m'mimba ndi kusanza, ndipo satha ndi kuphika. Malo obiriwira ndi maso ophuka azichotsedwa mozama. Mbatatesi yobiriwira kwambiri kapena yowawa itayidwe.

Kodi nyama yapsa?

Mneni woti "kupsa" m'Chichewa ali ndi matanthauzo angapo. Timati mango apsa, nsima yapsa, ndiponso nyumba yapsa. M'matanthauzo onsewa, umboni timaupeza ndi maso, mphuno kapena dzanja. Pa nyama yogaya, umboni wotere ndi wosakwanira.

Tizilombo toyambitsa matenda, monga Salmonella ndi Campylobacter, timapezeka kawirikawiri pa nyama yaiwisi ya nkhuku ndi nkhukundembo. Pa nthuli yathunthu, tizilombo tambiri timakhala pamwamba, pomwe moto umayambira kufika. Makina ogayira amatenga tapamwambato n'kutisakaniza ndi mnofu wonse, ndipo paketi imodzi ikhoza kukhala ndi nyama ya mbalame zambiri. Kukula kwa vutoli kudaoneka mu Ogasiti 2011, pamene kampani ya Cargill idaitanitsa m'masitolo a ku United States mapaundi pafupifupi 36 miliyoni a nyama yogaya ya nkhukundembo, anthu a m'madera ambiri a dzikolo atadwala ndi Salmonella.

Unduna wa zaulimi wa dzikolo, USDA, umalangiza kuti nyama ya nkhuku ndi nkhukundembo ifike madigiri 74 m'kati, omwe pa muyeso wa Fahrenheit ndi 165. Maonekedwe amanyenga: nyama ikhoza kusintha mtundu isanafike pamenepo, kapena kukhalabe yofiirira pang'ono itapsa kale. Njira yodalirika ndi kugwiritsa ntchito chipangizo choyezera kutentha kwa chakudya. Kwa amene alibe, ndondomeko ili pamwambayi imathandiza, chifukwa nyama imaphwanyidwa m'tizidutswa ting'onoting'ono kenaka imabwata yovundikira kwa mphindi zoposa khumi. Gawo limeneli lisadumphidwe ngakhale njala itavuta chotani.

Pali malamulo enanso anayi. Nyama yaiwisi isatsukidwe, pakuti madontho a madzi amamwaza tizilombo pa ziwiya ndi pa zakudya zina. Manja, mpeni ndi mbale zomwe zakhudza nyama yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze china. Nyama yogaya yaiwisi isakhale m'firiji kupitirira masiku awiri, pokhapokha itaumitsidwa kukhala gwa. Chakudya chotsala chilowe m'firiji pasanathe maola awiri, kapena ola limodzi ngati kunja kwatentha kupitirira madigiri 32, ndipo chidyedwe pasanathe masiku atatu kapena anayi chitatenthetsedwa bwino. Kumene kulibe firiji, kapena magetsi ndi osadalirika, ndi bwino kuphika chongokwanira usiku womwewo. Mkute wa nsima ndi mkute wa nyama yogaya n'zosiyana. Amene amavutika kwambiri ndi matenda amenewa ndi ana aang'ono, okalamba, amayi oyembekezera ndi anthu omwe chitetezo cha m'thupi mwawo chidatsika.

Ndi nsima kapena ndi ndiwo?

Chakudya chimenechi chimabweretsa funso la chiyankhulo. M'Chichewa, chakudya chenicheni chili ndi mbali ziwiri: nsima ndi ndiwo. Ngakhale ziwiya zathu zimatsata kugawa kumeneku, popeza pali poto wa nsima ndi wa ndiwo, mbale ya nsima ndi ya ndiwo. Munthu amene wadya mbatata kapena chinangwa madzulo amatha kunena m'mawa kuti adagona ndi njala. Tsono nyama ndi mbatatesi za m'chiwaya chimodzi tiziika mbali iti? Kwa Mmereka ndi chakudya chathunthu, chifukwa mbatatesi zikugwira ntchito yomwe kwathu imagwira nsima. Kwa Mmalawi wozolowera mbatatesi zamsuzi zodyera mpunga kapena nsima, izi ndi ndiwo chabe.

Komabe kuphika zonse mumphika umodzi si kwachilendo pakati pathu. Futali ndi mbatata kapena maungu ophikira pamodzi ndi nsinjiro, ndipo amadyedwa paokha. Ku Karonga kuli mbalagha, nthochi zophikira limodzi ndi nyama. Kusiyana kwake ndi koti zakudya zathuzi zimadalira kuwiritsa, pomwe ichi chimayamba ndi kukazinga n'kumalizira ndi kubwatitsa.

Mawu Omaliza

Nkhani ino yasonyeza kuti kuphweka kwa chakudya cha m'chiwaya chimodzi kumadalira dongosolo: chochedwa kupsa chitsogole, chiwaya chikhale chouma pokazinga, ndipo matimati adikire mbatatesi zifewe. Yasonyezanso kuti pa nyama yogaya, mawu oti "yapsa" ayenera kutanthauza madigiri 74, osati kusintha kwa mtundu kokha. Wophunzira wokhala m'chipinda cha lendi, kapena wantchito wofika pakhomo dzuwa litalowa, akhoza kudyetsa anthu anayi ndi moto umodzi, n'kutsuka chiwaya chimodzi. Ngati pakhomopo pali wina amene sagona osalawa nsima, madzi aonjezedwe kufika kapu yathunthu kuti pakhale msuzi, ndipo chakudya chomwecho chidzasanduka ndiwo zokwanira anthu asanu ndi mmodzi.