Zaka 13 pakati pa mavesi awiri

Kuwerenga kwa sabata ino: Genesis 16:1 mpaka 17:22



Tsegulani Baibulo lanu pa vesi lomaliza la Genesis 16. Likutiuza kuti Abramu anali ndi zaka 86 pamene Hagara anamubalira Ismayeli. Manje tsitsani chala pang'ono chabe, mufike pa vesi loyamba la mutu 17. Abramu ali ndi zaka 99. Kampata ka pakati pa mavesi awiriwa n'kochepa kuposa chikhadabo, koma m'menemo mwadutsa zaka 13. Mulibe mngelo, mulibe loto, mulibe mau a Mulungu amene analembedwa. Kumbukiraninso kuti lonjezo linabwera iye ali ndi zaka 75, pochoka ku Harana, ndipo Isake anabadwa atate ake ali ndi 100.

Ife owerenga timadumpha zakazo ngati kuphethira kwa diso. Sarai sanadumphe. Anadzuka m'mawa uliwonse, kumuona mwana wa mdzakazi wake akukula pakhomo, iye manja ali lende.

Kuyembekezera kotereku muno mu Lusaka tikudziwa. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 pa nthawi imodzi, ndipo ena mwa iwo anali atakhala zaka zambiri ndi mapepala ao m'sutikesi. Tinaimba, tinavina, maumboni anadzaza Sande yonse. Koma amene anafunsira nchitoyo anali oposa 100,000. Werengani nokha otsalawo. Ena a iwo timakhala nao benchi limodzi.

Mlongo wina wa ku Chelstone, amene wandilola kufotokoza izi popanda kumutchula, anafufuza dzina lake pa mndandanda katatu konse, osalipeza. Mpaka lero agulitsa salaula. Mwezi watha anabwera ku ofesi ya a Bishopu kudzafunsa uphungu: munthu wina wamuuza kuti akapereka kandalama, dzina lake lidzalowa ulendo wotsatira. Anandifunsa kuti, "Abusa, nanga ngati ndiye khomo limene Mulungu wanditsegulira?"

Sindinamuseke, chifukwa ndi funso la Sarai lomwe lija. Vesi 3 la mutu 16 likunena kuti anali atakhala m'Kanani zaka 10 pamene anapereka Hagara kwa mwamuna wake. Sanali mkazi woipa iyayi, anali wotopa. Ndipo chimene anachita chinali chovomerezeka pa mwambo wa masiku amenewo, anansi sakanadabwa nacho. Ndiye kuopsa kwake kwa njira yachidule: imaoneka yanzeru, nthawi zina imavala ngakhale dzina la Mulungu. Lero ndi kandalama ka pansi pa tebulo, mawa ndi kabotolo ka mafuta ka mneneri amene akuti chozizwitsa chili ndi mtengo wake, mkuja ndi kulola ukwati ndi munthu amene mtima wanu ukudziwa kale kuti si iye. Nyumba ya Abramu inalowa mkangano mwana asanabadwe n'komwe.

Pano ndiyenera kuulula kanthu, ife a pa guwa. Timakonda kufuula pa 31 December kuti chaka chino ndi chanu. Nanenso ndinafuulapo, ndi mtima wabwino. Koma taonani vesi 21 la mutu 17: Mulungu anatchula nthawi ya kubadwa kwa Isake patatsala chaka chimodzi chokha. Zaka 24 zonse Abramu anali ndi lonjezo lopanda deti. Tikamapatsa anthu madeti amene Mulungu sanapereke, December akafika amaganiza kuti Mulungu wanama, kapena kuti chikhulupiriro chao ndi chochepa. Pamene wolakwa ndi ife.

Nanga amene munadutsa kale njira yachidule, muli ndi Ismayeli wanu pakhomo? Musabisale kumbuyo kwa tchalitchi. Dzina lakuti Ismayeli litanthauza kuti Mulungu amamva, ndipo mngelo anamupeza Hagara m'chipululu pa kasupe, ali wothawa. Pamene Mulungu anabweranso patapita zaka 13 zija, sanafafanize pangano. Anamuuza Abramu kuti ayende pamaso pake moongoka, anamusintha dzina, nadalitsanso Ismayeli.

Chimene Abramu anachita m'zaka zachetezo sichinalembedwe, koma mutu 17 ukumupeza ali pomwepo, nyumba yake ili m'manja, makutu ake akali otha kumva. Zioneka kuti anaweta ziweto zake, analera mwana, osabwerera ku Harana. Kwa inu mwina ndi kukwera basi ya m'mamawa kuchoka ku Kabwata kupita kukachapa m'nyumba za ena ku Kabulonga, kapena kutumizanso kalata ina yofunsira nchito, osaleka kugwada madzulo.

Mlongo uja kandalamako sanapereke. Dzina lake silinatulukebe. Sande lililonse ndiye amaphunzitsa ana athu a Sande Sukulu, ndipo kalasi yake ndi imene imakhala chete kuposa onse.

Lachitatu pa mapemphero a madzulo, aliyense abwere ndi kapepala. Musalembe dzina, lembani chabe chaka chimene munayamba kuyembekezera. A Bishopu adzawerenga zakazo chimodzichimodzi, ndipo tidzapempherera chilichonse.